Kutapa ndalama za 401(k) usanafike zaka 59 ndi theka: msonkho wa state umakhala bwanji kwanuko?

Mayi a ku Sacramento

Abale ndi alongo pagulu pano, ndakupatsani moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira mwezi wa Malichi, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze yonse pamodzi ndi manambala ake, kuti amene akudziwa andiunikire.

Ndili ndi zaka 52, ndimagwira ntchito ya unamwino, ndipo msonkho ndimalemba monga munthu amene ali yekha. Mu Ogasiti 2024 bambo anga anatisiya kumudzi ku Ntcheu, ndipo nditapita kumaliro ndinapeza kuti mayi akugona m'kanyumba kakale kodontha, pamene nyumba imene tinayamba kuwamangira inali itaima pa lintala, yopanda denga, mvula ili pafupi. Nditabwerera kuno ndinatapa $20,000 mu 401(k), akaunti yosungiramo ndalama za penshoni kuntchito kuno ku America, ya kumene ndinkagwira ntchito kale. Kampani yosunga ndalamazo inadula $4,000 ya boma la federal (boma lalikulu la dziko lonse) ndi $400 ya state (boma la chigawo) ya California, ine n'kulandira $15,600. Mumtima mwanga ndinati msonkho ndalipira, nkhani yatha. Ndalamazo zinabweza ngongole za maliro, zina zinagula malata, matabwa ndi simenti, zina zinalipira amisiri.

Nditapita kukalembetsa msonkho, amene amandithandizayo anakhala chete kanthawi, kenako anatembenuzira kompyuta kwa ine kuti ndidzionere ndekha. Chifukwa cha ndalama zija zokha, ndinayenera kuwonjezera $2,400 ku IRS, bungwe lotolera msonkho wa federal, ndi $1,960 ku California. Anandiwerengera motere: msonkho wamba wa federal wa 22 peresenti ndi $4,400, chindapusa cha federal cha 10 peresenti, cha munthu wotapa asanafike zaka 59 ndi theka, ndi $2,000, msonkho wamba wa California wa 9.3 peresenti ndi $1,860, ndipo pamwamba pake pali chindapusa china cha California cha 2.5 peresenti, chomwe ndi $500. Zonse pamodzi ndi $8,760, kutanthauza kuti pa $20,000 paja zanga zenizeni zinali $11,240 basi.

Za chindapusa cha federal ndinkazimvapo patalipatali, koma zoti state nayo ili ndi chake sindinkadziwa. Tsono nyumba ija ikufunikabe pulasitala, mawindo ndi magetsi, ndipo ndikuganiza zotapanso $15,000. Kodi state iliyonse imachita chonchi? Kodi lamulo silimvera chisoni munthu amene watapa ndalama chifukwa cha maliro?

Bambo a ku South Bend

Pepani kwambiri Mayi chifukwa cha zovutazo, Mulungu akutonthozeni inu ndi banja lonse. Chimene chinakupezanicho chinandipezanso ine, ngakhale kuti changa chinali chaching'ono. Ambiri a ife timayesa kuti 20 peresenti imene amadula poyamba ija ndiyo msonkho wonse, pamene kwenikweni ndi chikole chabe, chimene lamulo limakakamiza kampani kusungira boma, ndipo kuwerengera kwenikweni kumachitika pa nthawi yotumiza mafomu a msonkho, imene imatha mu Epulo.

Kuno ku Indiana kulibe chindapusa cha state. Ndalama zimene watapazo amangoziphatikiza ndi malipiro ako n'kudula msonkho wamba, umene mu 2024 unali 3.05 peresenti kwa aliyense. Chimene anthu amaiwala n'chakuti county, boma laling'ono la dera limene ukukhala, nayo imatengapo yake, ndipo kuno ku St. Joseph County ndi 1.75 peresenti. Choncho pa $20,000 yanuyo munthu wa kuno akanapereka $610 ku state ndi $350 ku county, zonse $960, pamene inu mwapereka $2,360. Za federal zija n'zofanana kulikonse.

Achemwali a ku Silver Spring

Mayi, pepani ndithu. Ine ndimathandiza anthu kulemba misonkho nyengo ya Janyuwale mpaka Epulo, ndipo nkhani ngati yanuyi ndimakumana nayo chaka ndi chaka, makamaka kwa ife amene tili ndi makolo kwathu. Ndiyambe ndi funso la maliro, chifukwa pamenepo ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka.

Pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi chilolezo chotapa ndalama ukadali pa ntchito, chimene amachitcha hardship. Ndalama zoyendetsera maliro a kholo, a mwamuna kapena mkazi wako, kapena a mwana zili m'gulu la zifukwa zimene malamulo amavomereza, ngati ndondomeko ya penshoni ya kuntchito kwanu ikulola. Chachiwiri ndi kukhululukidwa chindapusa cha 10 peresenti, ndipo maliro mulibe m'gulu limeneli. Munthu akhoza kuloledwa kutapa chifukwa cha maliro, koma msonkho ndi chindapusa amalipirabe. Inu simunafunikire n'komwe chilolezocho chifukwa ntchito ija munali mutasiya kale.

Ena amafunsa za ndalama zimene analipira kuchipatala. N'zoona kuti gawo la ndalama za kuchipatala limene lapitirira 7.5 peresenti ya ndalama zako za pachaka limakhululukidwa chindapusa, koma wodwalayo ayenera kukhala iwe mwini, mnzako wa m'banja, kapena wodalira iwe monga mmene lamulo limamuwerengera. Lamulolo limafuna kuti wodalira iweyo akhale nzika ya America, kapena wokhala ku America, Canada kapena Mexico. Kholo la ku Ntcheu, ngakhale ukhale kuti ndiwe ukulidyetsa ndi kuligulira mankhwala mwezi ndi mwezi, silowamo. Zimenezi zimandipweteka nthawi iliyonse imene ndikufotokozera munthu, chifukwa malamulowa sanalembedwe ndi maso oona banja monga mmene ife timalionera.

Taonani fomu ya 1099-R, yosonyeza ndalama zimene munatapa, imene kampani yosunga ndalamazo inakutumizirani mu Janyuwale. Pa bokosi 7 mupeza nambala 1, imene imatanthauza kuti ndalama zatapidwa nthawi isanakwane ndipo kampani sikudziwa chifukwa chilichonse chokukhululukirani. Pa bokosi 14 mupeza $400 ija. Ku California, ngati munthu sananene kanthu, kampani ikhoza kungodula gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene yadulira federal, n'chifukwa chake pa $4,000 anangodulapo $400, ndalama yosakwanira ngakhale chindapusa chokha cha $500. Chindapusa cha federal chimayendera fomu ya 5329, ndipo cha California chimayendera fomu ya FTB 3805P.

Kuno ku Maryland kulibe chindapusa cha state, koma akamatapa ndalama zoterezi amadula 7.75 peresenti nthawi yomweyo, ndipo anthu amadandaula poona kuti alandira zochepa. Ine ndimawauza kuti kumeneko ndiye kuwathandiza, chifukwa pano county ya Montgomery yokha imatenga 3.2 peresenti, ndipo bola kumva kuwawa lero kusiyana n'kudzidzimuka mu Epulo ndalama zitasanduka kale malata.

Mayi a ku Sacramento

Zikomo achemwali. Ndaitulutsa fomuyo ndipo pa bokosi 7 palidi nambala 1. Ndimayembekezera kuti mwina pali fomu imene sitinalembe, koma ndamva kuti palibe. Madzi akatayika saoleka. Tsopano nkhawa yanga ili pa $15,000 inayi.

Achimwene a ku Dallas

Mayi, bwerani kuno ku Texas. Kuno kulibe msonkho wa state pa malipiro a munthu, chimodzimodzinso ku Florida, Nevada, Tennessee, Wyoming, South Dakota ndi Alaska. Anamwino akufunika kulikonse, ndipo mukangofika mudzatapa ndalama zanu popanda state kukhudzapo. Kapena ngati kusamuka kukuvutani, mukhoza kulemba adiresi ya m'bale wanu wa kuno pa akaunti yanuyo, mutape, kenako mudzabwezeretse yanu.

Achemwali a ku Silver Spring

Achimwene, gawo loyamba la mawu anu lili ndi choonadi, koma lachiwirilo chonde tisalangizane zimenezo, chifukwa kulemba adiresi ya kumene sukhala n'cholinga chozemba msonkho ndi mlandu, ndipo kumagwidwa mosavuta. Fomu ya W-2 ya Mayiwa, ija olemba ntchito amalembapo malipiro a pachaka, idzaonetsa kuti chaka chonse agwira ntchito ku Sacramento, lendi akulipira komweko, galimoto inalembetsedwa komweko. Adiresi ya pa 1099-R imangouza kampani state imene iidulire msonkho, koma siisintha kumene munthu amakhala pamaso pa lamulo. Wokhala ku California amalipira msonkho pa ndalama zake zonse, kaya zachokera kuti.

Choonadi chimene chili m'mawu anu n'chakuti pali lamulo la federal limene linasainidwa mu Janyuwale 1996, lopezeka pa 4 U.S.C. 114, loletsa state kudula msonkho pa ndalama za penshoni za munthu amene sakhalanso mu state imeneyo. Lamuloli lisanabwere, California inkatsatira anthu amene anagwira ntchito kumeneko n'kukapumira ku Nevada, ponena kuti ndalamazo anazipezera pa nthaka yake. Lero sizingatheke. Lamuloli likuphatikiza 401(k), 403(b) (yofanana ndi 401(k), ya ogwira ntchito m'masukulu ndi m'zipatala zina) ndi IRA (akaunti ya penshoni imene munthu amatsegula yekha), choncho chimene chimawerengedwa si kumene unagwira ntchito pamene unkasunga ndalamazo, koma kumene ukukhala pa tsiku limene wazilandira.

N'chifukwa chake tsiku ndi lofunika kwambiri. Munthu akasamukadi mu Juni n'kutapa ndalama mu Seputembala, amalemba fomu ya wokhala gawo la chaka ku state yakale, ndipo ndalama za mu Seputembala sizilowamo. Koma akatapa mu Meyi kuti apeze ndalama zosamukira, state yakale imatenga zake zonse. Ndipo kusamuka kuyenera kukhala kwenikweni: nyumba, ntchito, laisensi yoyendetsera galimoto, kolembetsa mavoti, sukulu ya ana. Amene wapita miyezi itatu pa kontirakiti n'kubwerera, kawirikawiri amawerengedwabe kuti sanachoke.

Pa $15,000, msonkho ndi chindapusa cha California zikanakhala pafupifupi $1,770. Palibe amene angasamutse moyo wake wonse chifukwa cha ndalama imeneyo, makamaka namwino, poti malipiro a anamwino ku California ali m'gulu la apamwamba kwambiri m'dziko muno.

Achimwene a ku Dallas

Ndamva achemwali, ndipo za adiresi zija ndazibweza. Ndinazimva kwa munthu wina ndipo sindinaganize kuti zingafike pa mlandu. Ndiwonjezerepo kuti ngakhale kuno ku Texas, mnzanga amene anatapa 401(k) yake anakhumudwa chifukwa ankaganiza kuti poti kulibe msonkho wa state ndiye kuti kulibenso chindapusa, koma IRS inatenga 10 peresenti yake monga mwa nthawi zonse.

Bambo a ku Milwaukee

Mayi a ku Sacramento, musaganize kuti California ili yokha. Kuno ku Wisconsin state imatenga 33 peresenti ya chindapusa chimene federal yakulipiritsa. Ngati IRS yatenga $2,000, Wisconsin imawonjezerapo $660, ndipo imeneyo ndi yoposa $500 yanu ija. Msonkho wamba wa anthu a malipiro apakati ndi 5.3 peresenti, choncho pa $20,000 munthu wa kuno akanapereka $1,060 kuphatikizapo $660, zonse $1,720. Ku Nebraska nakonso njira yake ndi yofanana ndi imeneyi, kumeneko amatenga 29.6 peresenti ya chindapusa cha federal.

Ine ndinazidziwa mowawa pamene ntchito inandithera pafakitale ndili ndi zaka 44. Ndinatseka 401(k) yonse kuti ndilipirire lendi ndi galimoto, ndipo pa pepala limene anandipatsa panali malo osankha ngati ndikufuna adule msonkho wa state. Ndinasiya pamenepo posalemba chifukwa dola iliyonse ndinkaifuna m'manja. Chaka chotsatira ndinali nditapeza ntchito ina ya malipiro ochepa, ndipo ngongole ya state ndinaibweza pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, chiwongoladzanja chikukwera. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti fomu ya msonkho uyenera kuitumiza pa nthawi yake ngakhale ulibe ndalama yolipira, kenako n'kupempha kulipira mwezi ndi mwezi, chifukwa chilango cha kusatumiza fomu ku IRS n'chachikulu kuposa cha kuchedwa kulipira.

Mayi a ku Chicago

Ife tili pa mtunda wa maola awiri okha kuchokera kwa Bambo a ku Milwaukee, koma zinthu n'zosiyana kotheratu. Illinois ili ndi msonkho wa 4.95 peresenti pa malipiro, koma ndalama zochokera mu 401(k) ndi IRA imazichotsa powerengera msonkho, ngakhale zimene munthu watapa nthawi isanakwane. Mwamuna wanga atatapa zake tinkayembekezera kulipira, koma wolemba misonkho anationetsa mzere umene amachotserapo ndalamazo, ndipo state sinatenge kanthu. Ndikutchula zimenezi chifukwa ndikudziwa anthu amene amalemba okha misonkho pa intaneti n'kudumpha mzere umenewu, motero amalipira ndalama imene sanayenere kulipira. Amene zinamuchitikira akhoza kukonzanso fomu yake n'kubwezeredwa, malinga ngati zaka zololedwa sizinadutse.

Achemwali a ku Silver Spring

Mayi a ku Chicago anena zoona, koma ndichenjezepo kuti Illinois ndi yosowa inzake. Anthu amawerenga pa intaneti kuti state yakutiyakuti sidula msonkho pa penshoni, n'kuganiza kuti zikuwakhudza, pamene pafupifupi kulikonse mwayi umenewu uli ndi malire a zaka. New York imachotsa $20,000 koma kwa amene afika zaka 59 ndi theka. Georgia imayambira pa zaka 62, Iowa pa zaka 55 kuyambira mu 2023, ndipo Mississippi, imene sidula msonkho pa penshoni, imadula pa ndalama zotapa nthawi isanakwane. Wa zaka makumi anayi akamva mawu akuti penshoni ilibe msonkho, ayambe wafunsa kuti kuyambira zaka zingati.

Bambo a ku Harrisburg

Ya Pennsylvania ndi yachilendo ndipo inanditengera nthawi kuti ndiimvetse. Kuno ndalama zimene umaika mu 401(k) state imazidula msonkho wa 3.07 peresenti pamene ukuziikamo, ngakhale kuti federal imadikira. Ukapuma pa ntchito zaka zitakwana, state sitenganso kanthu. Ukatapa nthawi isanakwane, amayamba kuwerengera kuti ukutenga zimene unaikamo wekha, zimene unalipirira kale msonkho, ndipo zokhazo zimene zapitirira pamenepo ndi zimene amadula. Choncho amene anaikamo $30,000 za m'thumba mwake n'kutapa $20,000, ku state salipira kanthu.

Vuto lake ndi umboni. Fomu ya 1099-R imalembedwa motsatira malamulo a federal, ndipo kawirikawiri sionetsa kuchuluka kwa zimene unaikamo wekha. Ine ndinachita kufukula ma W-2 a zaka zisanu ndi zinayi m'katoni ya m'chipinda chapansi, n'kuwonkhetsa manambala a pa bokosi 12 chaka ndi chaka, kuti ndiyankhe kalata imene inabwera yofunsa chifukwa chimene sindinalipire. Ndikupempha aliyense wa kuno asataye mapepala amenewa. Abale a ku New Jersey ndi Massachusetts nawonso asunge umboni wa zimene anaika mu IRA, chifukwa kumeneko state sichotsera munthu msonkho pamene akuika ndalama mu IRA, ndipo wopanda umboni akhoza kulipira kawiri pa ndalama imodzi.

Mnyamata wa ku Atlanta

Makolo anga pagulu pano, ndiloleni ndilankhulepo mosiyana pang'ono, mwaulemu. Tonse tikuwerengera zimene Mayi ataya, koma palibe akuwerengera zimene apeza. Agogo aku Ntcheu agona m'nyumba yosadontha mvula yonse yapitayi. Ndiponso mitengo ya simenti ndi malata kwathu sidikira munthu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene akumanga akudziwa mmene katundu anakwerera. Munthu akadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti apewe chindapusa, mwina nyumbayo adzaimaliza mwini wake wogonamo atapita. Kwa ine $500 ya California ndi ndalama yaing'ono poyerekeza ndi zimenezo.

Bambo a ku South Bend

Mwanawe walankhula za mumtima, ndipo pa denga lija sindikutsutsa. Denga silikanadikira, ndipo Mayi anachita chimene mwana aliyense woleredwa bwino akanachita. Koma pa kwacha ganiziranso. Ndalama za Mayi zili m'madola, ndipo kwacha ikagwa, dola yomweyo imagula makwacha ambiri, choncho kugwa kwa kwacha si chifukwa chothamangira kutulutsa madola pamalo pamene akukula popanda msonkho. Ndipo imene tikukamba si $500 yokha, koma $8,760 pa $20,000, pafupifupi 44 peresenti. Pulasitala ndi magetsi si denga, zikhoza kuchitika chipinda chimodzi chimodzi kuchokera m'malipiro a pamwezi.

Ndinene chinanso chimene sitikonda kunena. Ambiri a ife tinafika kuno tili akuluakulu kale, tinayamba kusunga mochedwa, ndipo Social Security yathu, penshoni ya boma ija, idzakhala yochepa chifukwa amawerengera zaka 35 za malipiro, zaka zimene sunagwire ntchito kuno n'kuziika ngati ziro. Kathumba ka 401(k) ndi kamene kadzatisunge, ndipo achibale amene tikuwathandiza lero sadzatha kutilipirira lendi ya ku America.

Amalume a ku Zomba

Ine ndinabwerera kumudzi nditakhala ku Virginia zaka zambiri, ndipo ndikufuna kuchenjeza amene akuganiza kuti adzangobwera kuno n'kutapa zonse popanda msonkho. Pa za state zikhoza kutheka, ngati wadula zingwe zonse ndi state imene unkakhala. Koma state zina zimaona kuti munthu amene wasiya nyumba, laisensi ndi akaunti za kubanki pa adiresi yakale sanachoke kwenikweni, wangopita ulendo, ndipo zimapitiriza kumuwerengera ngati wokhala kumeneko. Ine ndinagulitsa nyumba, ndinatumiza fomu yomaliza yosonyeza tsiku limene ndinachoka, ndipo makope ake ndikusungabe.

Za federal ndiye sizichoka. Amene ndi nzika ya America amalemba msonkho kulikonse kumene ali, ndipo wa green card (chiphaso chokhalira ku America mokhazikika) amawerengedwabe ngati wokhala ku America mpaka ataibweza mwalamulo pa fomu ya I-407. Amene sali nzika, alibe green card ndipo akukhala kunja kwa America, kampani imamudula 30 peresenti asanalandire kanthu, chifukwa Malawi ndi America alibe pangano la misonkho lotsitsa chiwerengerochi, kenako amalemba fomu ya 1040-NR kuti awerengerane bwinobwino. Chindapusa cha 10 peresenti nachonso sichiona kuti uli ku Zomba kapena ku Richmond, chimaona zaka zako zakubadwa.

Mayi a ku Sacramento

Amalume zikomo, chifukwa maganizo obwerera kumudzi ndili nawo. Achemwali a ku Silver Spring, ngati mungandiuze mosabisa, mukanakhala ine mukanatani ndi $15,000 imeneyi?

Achemwali a ku Silver Spring

Mayi, sindinaone mapepala anu, choncho zimene ndinene mukazitsimikize ndi amene amakulemberani misonkho komanso ndi oyang'anira penshoni kuntchito kwanu. Koma ndikanakhala inu sindikanatapanso mwa njira ija.

Choyamba ndikanafunsa ngati 401(k) kapena 403(b) ya kumene mukugwira ntchito panopa imalola ngongole. Lamulo limalola kubwereka mpaka theka la ndalama zimene zili zanuzanu, osapitirira $50,000, n'kubweza m'zaka zisanu kudzera m'malipiro, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera mu akaunti yanu yomwe. Ngongole yotere ilibe msonkho wa federal, ilibe wa California, ilibenso chindapusa, malinga ngati mukubweza. Choopsa chake n'chakuti ntchito ikatha ngongole isanathe, zotsalazo zimawerengedwa ngati mwatapa, pokhapokha mutazibwezera mu IRA tsiku lomaliza lotumizira msonkho wa chaka chimenecho lisanadutse.

Chachiwiri, zaka zanu 52 zili pafupi ndi khomo lina limene anthu ambiri salidziwa. Munthu akasiya ntchito m'chaka chimene akukwanitsa zaka 55 kapena pambuyo pake, akhoza kutapa mu 401(k) ya ntchito imene wasiyayo popanda chindapusa cha 10 peresenti, ndipo California nayo imakhululuka 2.5 peresenti yake pa chifukwa chomwechi. Msonkho wamba umakhalapobe. Khomo limeneli silikhudza 401(k) ya ntchito yakale imene munasiya musanafike zaka 55, ndipo silikhudzanso IRA. Choncho ngati a kuntchito kwanu amalola, zotsala za mu akaunti yakale mukhoza kuzisamutsira mu akaunti ya ntchito yatsopano, kampani kupereka kwa kampani inzake mwachindunji, popanda msonkho uliwonse. Mukatero ndalama zobwerekapo zimachuluka, ndipo khomo la zaka 55 lija limatsegukira ndalama zonse. Amene amathamangira kusamutsira mu IRA amadzitsekera khomo limeneli osadziwa.

Ngati muli ndi Roth IRA, IRA imene munthu amaikamo ndalama zimene walipirira kale msonkho, zimene munaikamo nokha mukhoza kuzitenga nthawi iliyonse popanda msonkho kapena chindapusa, phindu lokha ndi limene lili ndi malamulo. Palinso lamulo la SECURE 2.0 la mu 2022, limene kuyambira mu 2024 limalola kutapa mpaka $1,000 pa vuto ladzidzidzi popanda chindapusa cha federal, koma imeneyo singamalize nyumba.

Ndipo ngati zonsezi zitakanika n'kufunikabe kutapa, musalole kuti adule zochepa zija. Pa malipiro anu, pa dola iliyonse yotapa muyenera kupatula masenti 32 a federal ndi masenti pafupifupi 12 a California. Onaninso kuti ndalama yotapayo isakukwezereni m'gawo la msonkho wa federal wa 24 peresenti, limene mu 2024 kwa munthu amene ali yekha linkayambira pa $100,525, makamaka inu anamwino amene mumagwira maola owonjezera. Kugawa pakati, theka mu Disembala theka mu Janyuwale, nthawi zina kumathandiza pamenepa, ngakhale kuti chindapusa sichichepa.

Bambo a ku Milwaukee

Ndikugwirizana ndi za ngongole, koma Mayi ayambe aona ngati malipiro awo angapirire. $15,000 pa zaka zisanu ndi $250 pamwezi chiwongoladzanja chisanalowepo, ndipo imadulidwa m'malipiro asanaione, kuwonjezera pa zimene akutumiza kumudzi mwezi uliwonse ndi ngongole ya msonkho imene ali nayo kale.

Mayi a ku Sacramento

Ndathokoza nonse, kuyambira Bambo a ku South Bend mpaka mwana wanga wa ku Atlanta, amene mawu ake andigwetsa misozi chifukwa mayi anandiimbira foni usiku wa mvula yoyamba n'kundiyandikizira foniyo kudenga kuti ndimve mmene ikulirira pa malata.

Lero pa nthawi yopuma ndinaimbira oyang'anira penshoni kuntchito. Andiuza kuti ngongole amalola, ndiponso amalandira ndalama zochokera mu akaunti yakale, ndipo anditumizira mafomu awiri. Kusamutsako ndichita mwezi uno. Pa ngongole ndamvera Bambo a ku Milwaukee, sinditenga $15,000 yonse. Ndalankhula ndi mlongo wanga amene akuyang'anira ntchito kumudzi, ndipo tagwirizana kuti tiyambe ndi mawindo, zitseko ndi pulasitala ya chipinda cha mayi ndi pabalaza, zimene akuti zikwana ndi $5,000. Magetsi adikire mpaka nditamaliza kulipira msonkho wa chaka chatha, umene ndikupereka mwezi ndi mwezi. Achemwali a ku Silver Spring, mafomuwo akafika ndidzakufunsani za malo amene amalemba dzina la wolandira cheke, chifukwa ndamva kuti likalembedwa langa m'malo mwa la kampani yatsopano adzadulanso 20 peresenti.

Achemwali a ku Silver Spring

Mwamva bwino Mayi. Cheke ilembedwe m'dzina la kampani yatsopano, inu mungotchulidwa monga mwini wa akauntiyo, ndipo ngakhale itabwera kunyumba kwanu musakaiike kubanki, muitumize mmene ilili. Mu Janyuwale mudzalandira 1099-R ina, ndipo pa bokosi 7 payenera kukhala chilembo G osati nambala 1. Mafomuwo akafika munditumizire uthenga kumbali, tidzaonere limodzi mzere ndi mzere musanasaine.